Odikira Kuitanidwa m'Holo ya Khonsolo

Senderani pafupi, nkhaniyi siyofuna kukuwa. Inachitikira ku Namalowe, katauni ka m'tsinde mwa phiri, ndipo amene anandiuza anachita kutsitsa mawu ngakhale dzuwa linali paliwombo.

Munthu aliyense amene anapondako ku maofesi a khonsolo ya tauniyo ankawadziwa mayi Esitere Namakhwa. Ndiwo ankakhala pa kauntala ya pakhomo, polandirira anthu. Kaya wabwera ndi nkhani ya malo mumsika, kaya ngalande yatsekeka, kaya ukufuna chilolezo cha okala, unkayamba waima pamaso pawo. Yankho lawo linali limodzi, chilimwe ndi dzinja: "Khalani pa benchi, muitanidwa." Sikuti anali ouma mtima, ayi. Ntchito ya pa khonsolo imayenda choncho. Sulowa kwa bwana usanaitanidwe, komanso suchoka, kuopa kuti angaitane iwe utatuluka. Anthu a ku Namalowe anazolowera, moti ankatha kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka m'mimba kutopa kulira, osadandaula.

Amene anazolowera kuposa onse anali Lusiya, mwana mmodzi yekhayo wa mayi Namakhwa. Bambo ake anapita ku Joni iye ali kumsana, osabwerako. Mwanayo anakulira pa mabenchi a khonsolo. Akaweruka kusukulu ankafikira pa kauntala, mayi ake n'kumuuza osadzutsa ndi mutu womwe kuti, "Khala pompo, ndikuitana ndikamaliza." Ndipo ankakhaladi, miyendo ili lendelende, mpaka munthu womaliza atathandizidwa. Ngakhale atakula n'kuyamba kuphunzira zosoka kutsidya kwa mtsinje, chizolowezicho sichinathe. Masana ankabwera kudzadya ndi mayi ake, akatha kudya n'kutsamiritsa mutu paphewa pawo ngati kamwana.

Kenaka kunabwera mvula ija. Phiri linang'ambika, madzi anatsika ndi miyala ndi matope, n'kukokolola nyumba za kutsidya. Lusiya anali atagona komweko kwa mphunzitsi wake wa zosoka, chifukwa mtsinje unali utadzaza ndipo sakanatha kuwoloka.

Kutacha, nyumba ya chisoni ya pachipatala inadzaza dzuwa lisanakwere. Mabwana anatsegula holo yaikulu ya khonsolo, ija ankachitiramo misonkhano. Anakankhira mabenchi kukhoma, pansi n'kuyala mphasa, ndipo malole anayamba kutsitsa anthu. Mayi Namakhwa anawaika pakhomo la holoyo kuti azilowetsa achibale pang'onopang'ono, aliyense akafunefune wake. Mayina sankawadziwa, choncho ankangoitana monga ankachitira masiku a chipwirikiti: "Wotsatira!"

Masana analowamo kuti akatsegule mawindo. Pamzere wa kukhoma, pafupi ndi benchi yoyamba, chitenje china chinali chitaperewera kumapazi. Pa kakolo wa kumanzere panali chipsera cha mbaula, chimene iwo eni anachipaka mankhwala zaka zambiri m'mbuyomo. Anaima. Sanakuwe, sanagwe. Kunja wina ankaitana kuti, "Amayi, anthu akukankhana pakhomo pano!" Iwo anawerama, nakokera chitenjecho kumapazi, ndipo pakamwa pawo panatuluka mawu amene ankatuluka tsiku lililonse.

"Khala pompo, ndikuitana ndikamaliza."

Anabwerera pakhomo, nagwira ntchito mpaka kunada. A zaumoyo analamula kuti matupi achotsedwe msanga, ndiye malole amene anabweretsa anthu ndi omwewo anawatenganso, mothamanga. Mlongo wawo wa mayi Namakhwa, a Filimoni, ndiwo ananyamula Lusiya kupita naye kumudzi, eni ake akadali pakhomo kuitana wotsatira. Amene sanadziwike anaikidwa pamodzi kumanda atsopano, kuseri kwa bwalo la mpira.

Pa maliro amayi ankayang'anizana, chifukwa mayi wa mwana anangokhala pamphasa maso ali gwa, opanda msozi ndi umodzi womwe. Ena anati ndi kulimba mtima, ena anati misozi ibwera. Sinabwere. Anabwerera kuntchito, holo inatsekedwa, ndipo pang'ono ndi pang'ono inasanduka kotayirako zinthu: mipando yothyoka, matayala akutha, madengu olandidwa kwa ogulitsa m'misewu. Mayi Namakhwa ankadzuka, kusamba, kupita pa kauntala, kubwerera. Chakudya chinkamveka ngati akutafuna gaga. Sankamva chisoni, sankamvanso chimwemwe. Mumtima munangoti zii, ndipo zaka zinadutsa zili choncho.

Ndiye kunabwera bwana watsopano woona za mapulani a tauni, a Thawale, munthu wachinyamata wa nsapato zosongoka ndi maganizo ambiri. Mvula ija inagwa iwo ali kusukulu kutali. Ataona anthu akupsa ndi dzuwa pakhonde, chipinda chachikulu chili chotseka ndi loko, zinawanyansa.

"Nyumbayi ndi ya anthu," anatero pamsonkhano wa ogwira ntchito. "Holo yonseyi ikusunga makoswe, pamene eni ake akudikira panja? Tiitsegule. Odikira azikhala pamthunzi. Mbali ina tiike mabuku ana aziwerenga, mbali ina amayi a gulu la zosoka aike makina awo. Pali wotsutsa?"

Panalibe wotsutsa. Pa khonsolo satsutsa bwana pamsonkhano, amatsutsira kuseri kwa kantini. Akuluakulu angapo anangoyang'ana mayi Namakhwa m'mbali, koma iwo ankayang'ana khoma.

Ntchito anapatsidwa a Bonongwe, kalipentala wa pa khonsolo, munthu wolongolola amene ankatha kukangana ndi msomali. Iwo ndi anzawo anatulutsa zinyalala zonse, anakolopa, nasanjikiza mabenchi pakona kuti apake penti. M'mawa mwake anapeza mabenchi onse atatsitsidwa, ataikidwa m'mizere yowongoka, kuyang'ana kukhomo.

"Iwe, usiku umachititsa tchalitchi muno?" a Bonongwe anafunsa mlonda.

"Ine muno sindilowa," anayankha mlondayo. "Ngakhale mutandikweza pantchito."

Anasanjikizanso. M'mawa anapezanso m'mizere. A Bonongwe anatukwana pang'ono n'kuwasiya momwemo.

Zinanso zinali zazing'ono, zoti munthu ukhoza kuzinyalanyaza ukafuna. Pansi ankakolopa ndi sopo wonunkhira, koma fungo la matope a mumtsinje silinkachoka. Kunsi kwa mabenchi simenti inkakhala yonyowa m'malo awiriawiri, pamene munthu wokhala pansi amaika mapazi. Penti inauma bwino khoma lonse, kupatula timalo tozungulira tondondozana, pa msinkhu pamene pamafika mutu wa munthu wotsamira. A Bonongwe akasiya hamala pakati pa benchi, ankaipeza itasunthidwira kumapeto. Tsiku lina anasiya jekete yawo pamenepo, ndipo pobwera kuchokera kukamwa madzi anaipeza itapindidwa bwinobwino, itaikidwa pawindo. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanaigwire.

"Wakuba sapinda jekete," anauza mayi Namakhwa pa kauntala, mawu atatsika. "Uyu ndi munthu waulemu, amangofuna pokhala. Ndiponso amayi, mukaima panja pa chitseko, m'katimo mumamveka ngati muli anthu. Wina kutsokomola, benchi kulira. Mukangotsegula, chete. Koma si chete wa m'nyumba yopanda anthu. Ndi chete uja amakhala pa benchi panu apa, bwana akatsegula chitseko, aliyense akumvetsera ngati atchule dzina lake."

Mayi Namakhwa anangoti, "Kaya."

Sabata yomweyo, masana dzuwa likuswa mtengo, pa kauntala panafika bambo wachikulire. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili paliponse, koma buluku lake linali matope okhaokha mpaka m'chiuno, ndipo matopewo anali aawisi. Anavula chipewa, nachigwira ndi manja awiri.

"Pepani amayi, kodi ayamba kuitana?"

"Khalani pa benchi, muitanidwa," anayankha iwo osaganiza.

"Zikomo. Kungoti takhalitsa."

Bamboyo anatembenuka. Sanapite ku benchi ya pakhonde. Analowera njira ya ku holo, kumene chitseko chinali chokhoma ndipo kiyi ali m'thumba la a Bonongwe. Mayi Namakhwa anamutsatira ndi maso mpaka pakona. Pamene anaima bamboyo panatsala madzi pang'ono, ndipo mesenjala anabwera n'kukolopa akudandaula za anthu osasamala.

Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, mayi Namakhwa anatenga kambale kawo ka chinangwa n'kupempha kiyi. Aka kanali koyamba kulowamo chichokereni tsiku lija. Chete uja anawalandira. Sanachite mantha, poti mantha nawonso amafuna mtima umene ukumva. Anayenda mpaka pa benchi yoyamba ya kukhoma, nakhala pansi, natsegula kambale. Asanadye kwenikweni, benchiyo inalira pang'ono kumanzere kwawo. Kenaka china chake chinatsamira paphewa pawo. Sichinali cholemera kwambiri, chinali cholemera mmene mutu wa munthu umalemerera.

Sanatembenuke. Anadya chinangwa chonse mpaka kutha, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka. Nthawi itakwana anadzuka pang'onopang'ono, nabwerera pa kauntala. Phewa la bulawuzi linali lonyowa, ndipo analiphimba ndi juzi.

Kuyambira pamenepo ankadyera momwemo tsiku lililonse. Sanauze munthu. Anzawo ankati mayi Namakhwa ayamba kubwerera m'thupi.

Tsiku lotsegulira holo linafika. Anaika nsalu zamitundumitundu, anabweretsa mabuku, makina osokera anaikidwa kumapeto, ndipo wapampando wa makhansala anadula riboni. Anthu analowa ambiri. Koma atalowa, onse anaima m'mbali mwa makoma, mothinana, mabenchi ali pululu pakati.

"Khalani pansi, abale, malo ndi anu awa!" anatero a Thawale akumwetulira.

Anthu anayang'anizana. Mayi wina anasendera pa benchi, anayamba kukhala, kenaka anadzuka msanga n'kunena kuti "Pepani," osadziwa amene akumupepesa. Bambo wina wosaona, amene ankapempha pa geti ya msika, analowa ndi ndodo yake, naima pakati, navula chipewa.

"Mwaswera bwanji nonse? Iii, koma mwadzaza. Ndingoima, musavutike."

Makanda anayamba kulira onse pamodzi. Anthu anatuluka mmodzimmodzi mwaulemu, ndipo fanta amene anagulidwa anamwera panja padzuwa.

A Thawale sanagonje msanga. Anaitana abusa, anapemphera mpaka mawu kusasa. Anabwera a shehe, anabweranso amayi a mvano ndi nyimbo zawo. Palibe chinasintha, ndipo n'zosadabwitsa. Mapemphero onsewo anali othamangitsa zoipa, pamene m'holomo munalibe wokwiya kapena wofuna kupweteka munthu. Anthu anabwerera kukadikira pakhonde, amayi a zosoka anakatenga makina awo, ndipo makhansala anayamba kunena kuti kuli bwino khomo la holoyo alitseke ndi njerwa, nkhani ithe.

Masiku omwewo a Filimoni anabwera m'tauni kudzagulitsa nandolo, nadzera kunyumba kwa mlongo wawo madzulo. Nkhani ya holo inali itafika kale kumudzi. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za mvula ndi mbewu, kenaka anatsokomola.

"Achemwali, pali chinthu chakhala chikundidya. Bokosi la Lusiya lija linkapepuka. Tonse onyamula tinaona, koma palibe ananena. Ndikufunseni. Tsiku lija tisananyamuke, munamuuza mwana kuti akupita kwawo?"

Mwambowo ngwodziwika kwa aliyense wa kumeneko. Maliro akamachoka pamalo pamene munthu anagonekedwa, wachibale amawerama n'kumutchula dzina, n'kumuuza kuti tanyamuka, tikupita kwathu. Pa mtsinje uliwonse amamuuzanso kuti tikuwoloka. Ukapanda kutero umanyamula thupi lokha.

"Ine ndinali pakhomo," anayankha mayi Namakhwa. "Ndinkati mumuuza ndinu, malume ake."

"Ine ndinkati mwamuuza kale ndinu, mayi ake. Dalaivala ankaliza hutala, a zaumoyo akukuwa. Palibe anawerama tsiku lija, achemwali. Ndinaona ndi maso anga. Onse aja tinangowanyamula ngati matumba." Anawayang'ana mlongo wawo. "Ndiye simunalankhule naye chilichonse?"

"Ndinalankhula naye."

"Munati chiyani?"

Anawauza. A Filimoni anagwira kukamwa. Ankamudziwa mwana wa mlongo wawo, ankadziwanso anthu a ku Namalowe, kuti munthu wa pa khonsolo akanena kuti dikirani, amadikira. Mawu amene anauzidwa mmodzi anawamva onse amene anagona m'chipindamo.

"Mukamuitane, achemwali."

"Ali bwino pamene alipo."

"Ali bwino?"

"Ndimamuona masana aliwonse. Amanditsamira. Kumudzi kuli chiyani, achimwene? Mulu wa dothi. Mukufuna ndimupereke kawiri?" Ananena zimenezi ndi mawu omwe aja a pa kauntala, osakwera osatsika.

A Filimoni anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mwana ali pa benchi zaka zonsezi, zovala zili zonyowa, akudikira mayi ake amalize ntchito. Inu mukuti ali bwino. Chabwino. Ine ndigona kuno mpaka Lachisanu."

Mawa lake mayi Namakhwa anapita kukadya m'holo monga mwa masiku onse, ndipo mutu uja unabwera paphewa. Koma tsiku limenelo, mwina chifukwa cha mawu a mlongo wawo, anamvetsera bwino. Anazindikira chinthu chimene chinalipo kuyambira tsiku loyamba, chimene iwo sanafune kuchimva. Mutuwo unkanjenjemera. Kunali kunjenjemera kwapansipansi, kosalekeza, kwa munthu amene wazizidwa nthawi yaitali koma sakufuna kuvutitsa. Anatseka kambale chinangwa chisanathe.

Lachisanu, anthu akuweruka, anapita ku ofesi ya a Thawale. Sanadikire kuitanidwa, anangogogoda n'kulowa.

"Bwana, musatseke ndi njerwa. Ndipatseni kiyi, ndikamalize ntchito imene ndinaisiyira panjira."

A Thawale anali atatopa nayo nkhaniyi moti sanafunse zambiri. Anapereka kiyi, koma anawatsatira, ndipo a Bonongwe nawo anabwera n'kuima kumbuyo kwa bwana, kutali ndithu. A Filimoni anali pa geti. Dzuwa linali litapendeka, kuwala kofiira kukulowa m'mawindo a holo.

Mayi Namakhwa anatsegula zitseko zonse ziwiri, naima pambali, pamalo pomwe anaima tsiku lija. Anakonza juzi yawo. Chete wa m'katimo anakula.

"Tayamba kuitana," anatero. "Abale anu anabwera kale, anakutengani, koma sanakuuzeni. Pepani, tinalakwitsa ndife. Aliyense apite kwawo. Amene abale anu sanapezeke, kwanu ndi kumanda atsopano kuseri kwa bwalo la mpira, anzanu ali komweko." Anakweza mawu. "Wotsatira!"

Benchi ya kutsogolo inalira, mmene imalirira munthu akadzuka. Panamveka mapazi onyowa pa simenti, osathamanga. Mphepo yozizira ya fungo la mtsinje inadutsa pakhomo, ndipo a Thawale anadzipanikiza kukhoma okha popanda wowauza. Pafupi ndi khutu la mayi Namakhwa mawu a munthu wachikulire anati, "Zikomo amayi."

"Muyende bwino. Wotsatira!"

Anaitana, naitana. Ena ankadutsa msanga, ena mokoka mwendo. Nthawi zina mapazi ankamveka aakulu ndi aang'ono pamodzi, ndipo pamenepo a Bonongwe, munthu wolongolola uja, anakhala pansi m'khonde n'kubisa nkhope m'jekete. Palibe anakankha mnzake. Ankadikira mpaka mawu atuluke, monga anaphunzitsidwira. Mawu a mayi Namakhwa anayamba kusasa, kuwala kofiira kunachoka m'mawindo, ndipo fungo la matope linkachepa. Potsiriza anaitana, osamveka kanthu. Anaitananso. Holo inali yopepuka, inkanunkha penti basi.

Kupatula pa benchi yoyamba ya kukhoma. Pamenepo simenti inali ikadali yonyowa, malo awiri aang'ono oyandikana. Ameneyo sakanadzuka ndi mawu akuti wotsatira. Iye anauzidwa zina, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankadziwa kuti amatuluka pambuyo pa onse.

Mayi Namakhwa anaima pakhomopo nthawi yaitali, kiyi ali m'manja. Akanatha kutseka. Holo ikanagwira ntchito, anthu akanakhala pa mabenchi ena onse, ndipo kamalo kamodzi konyowa palibe akanakadandaula. Lolemba masana akanabwera ndi kambale kawo. Anaganiza zimenezi, ndipo ndikanama ndikati sanazifune. Anazifuna kwambiri.

Analowa, nayenda mpaka pa benchiyo, nawerama.

"Lusiya. Ndamaliza, mwanangu. Nyamuka, tikupita kwathu."

Benchi inalira. Nsonga ya chitenje chawo inakokeka pang'ono, mmene mwana amagwirira pamsika kuti asasowe.

Anatuluka pa geti, a Filimoni patsogolo osacheuka, iwo pambuyo. Kumudzi sikunali kutali kwambiri, koma njira yake inkadutsa pa mlatho watsopano wa mtsinje womwe uja. Atayandikira, chitenje chinakokeka mwamphamvu, mpaka anaima.

"Tikuwoloka mtsinje, Lusiya. Madzi ndi ochepa, ndi chilimwe chino. Gwira chitenje, ndili pompano."

Anawoloka pang'onopang'ono. Ankamuuza chilichonse cha m'njira: pano ndi pachigayo, apa tikukhota, uwo ndi mtengo wa mango wa kwa agogo ako. Atafika m'mphepete mwa manda, a Filimoni anavula chipewa, nalankhula mawu ochepa kwa amene anagona kumeneko, kuti mwana wawo wafika, anachedwa panjira. Mayi Namakhwa anati, "Tafika." Chitenje chinakhala chokokeka kanthawi, kenaka chinalendewera chokha.

Ngakhale pamenepo sanalire. Anagona kumudzi, Lamulungu n'kubwerera m'tauni.

Lolemba a Thawale anatsegula holo osaitana wina aliyense wodula riboni. Woyamba kulowa anali bambo wosaona uja. Anaima pakati, anamvetsera, nati, "Lero muli malo," n'kukhala pansi. Pofika masana munali modzaza. Odikira anali pamthunzi, ana a sukulu ankalimbirana mabuku a zithunzi, ndipo amayi a zosoka anali atabweza makina awo, akulira kumapeto kwa chipinda.

Nthawi ya nkhomaliro, miyendo inawatengera yokha mayi Namakhwa ku benchi yoyamba ya kukhoma. Anakhala, natsegula kambale, napendeketsa phewa pang'ono monga anazolowerera. Anadikira. Simenti inali youma. Phewa linali louma, lopepuka, ndipo linakhala choncho. Mtsikana wina wa gulu la zosoka anadutsa ndi nsalu m'manja akuseka ndi mnzake.

Kambale kanagwa pansi. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mayi Namakhwa anthu a pa khonsolo anali asanawamvepo, ndipo poyamba sanadziwe kuti akuchokera kwa ndani.

"Mwana wanga ine! Lusiya, mwana wanga ine, mayo!"

Makina anaima. Amayi a zosoka sanafunse kuti chachitika n'chiyani. Anadzuka, namanga zitenje m'chiuno, nawatsitsa pa benchi kuwakhazika pansi, iwo n'kukhala mowazungulira miyendo itatambasuka. Mmodzi anayamba kulira nawo, kenaka wina, kenaka amene ankadikira za malo a mumsika, chifukwa ku Namalowe kunalibe munthu amene mvula ija sinamulande wake, ndipo ambiri mwa iwo tsiku lija analibe nthawi yolira. Abambo anatuluka mwakachetechete n'kukakhala pakhonde, zipewa zili m'manja, monga amakhalira pa siwa.

Mesenjala anathamangira kwa a Thawale. "Bwana, m'holo muli maliro. Ndikawaletse? Pa kauntala palibenso munthu."

A Thawale anaima pakhomo la holo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Asiye," anatero. "Nyumbayi ndi yawo. Pa kauntala ndikakhalapo ine."

Anakakhaladi, ndi nsapato zawo zosongoka zija. Ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti munthu woyamba atafika pa kauntalapo, bwanayo anatsegula pakamwa kuti anene mawu a masiku onse aja, koma anawameza. Anangofunsa kuti, "Ndikuthandizeni chiyani?"

M'holo maliro a Lusiya anapitirira mpaka dzuwa kupendeka.